Mayi Wasanduka Meyi

Ku labu ankamutcha Kawaya. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake, chifukwa cha kawaya kopyapyala kamene ankatolera tinyongolotsi m'timbale, komanso chifukwa mwini wakeyo sanasiyane kwenikweni ndi chipangizocho. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala pa mpando umodzimodzi, diso pa maikulosikopu, kusamutsa tizilombo toti munthu sangatione ngakhale atatong'ola maso chotani. Oyandikana naye nyumba atamva kuti amagwira ntchito ya majini, ena anasiya kubwera kudzapempha mchere. Anatopa nako kufotokoza kuti majini akewo si aja ogwira anthu, koma timalangizo tolembedwa m'thupi mwa chamoyo chilichonse, tonena kuti ichi chimere apa, icho chichitike nthawi yakuti. Pamapeto pake akafunsidwa ankangoti, "Ee, majini, ndipo akupatsani moni."

Lolemba m'mawa bwana wa labu anamuitana. Anali mayi wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi, wolankhula maso ali pa foni.

"Nkhokwe ija akuitseka Lachisanu thwelofu koloko," anatero bwanayo. "Amene ankaithandiza atembenukira kwina. Mutsitse zonse zimene labu ino inaikamo, muziyerekeze ndi mapepala athu. Ngati pali cholakwika tikonze sabata ino, chifukwa ikatsekedwa palibe adzasinthe ngakhale kadontho."

Nkhokwe ankanenayo si ya chimanga. Inali pa intaneti. Aliyense padziko lapansi wofufuza za tinyongolotsi timeneti ankatutira zokolola zake mmenemo: dzina la jini, manambala ake, ndi dzina la munthu amene analipeza. Ikatsekedwa anthu azidzawerengabe, makope ake adzamwazikira m'makompyuta a m'mayiko ambirimbiri, koma zolembedwamo zidzauma mmene zilili, zoona ndi zabodza zomwe.

Kawaya anayamba ntchitoyo mtima utalemera, chifukwa ankadziwa tsamba limene linkamudikira. Analizemba m'mawa wonse, koma masana linamupeza. Pamwamba pake panali chikwangwani chofiira psuu: ZOTSATIRA IZI ZINAKANIDWA. MUSAZIGWIRITSE NTCHITO. Pansi pa chikwangwanicho panali dzina la achimwene ake, lolembedwa bwinobwino ndi maudindo awo onse.

Achimwenewo ndiwo anayambitsa labuyo. Ndiwonso anamulowetsa ntchito Kawaya mwamuna wake atamwalira, alibe pepala lina kupatula la sekondale, n'kumuphunzitsa kugwira kawaya mpaka dzanja linasiya kunjenjemera. Moyo wawo wonse unali pa funso limodzi. Tinyongolotsi timeneti tili ndi khalidwe lomvetsa chisoni. Chakudya chikatha m'kambale, mayi amasiya kuikira mazira kunja. Amawasunga m'mimba, amaswera momwemo, ndipo anawo amadya mayi wawo kuyambira m'kati mpaka kutsala kachikopa kokha. Achimwene ankafuna kudziwa jini limene limalamula zimenezi. Analisaka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsiku limene analipeza anavina pakati pa labu magolovesi ali m'manja, munthu wa digiri zitatu.

Lamulo la ntchitoyi limati dzina la jini likhale zilembo zitatu, kamzere, ndi nambala. Iwo anangotenga zilembo zitatu zoyambirira za mawu oti mayi. Jini loyamba limene ankaliganizira linawagwiritsa fuwa la moto, choncho ili linakhala lachiwiri: may-2. Anzawo a kunja ankayesa ndi chidule cha mawu ena ovuta a Chilatini, ndipo achimwene sankawatsutsa, ankangoseka chamumtima.

Zinakoma zaka ziwiri. Amati tsoka silinunkha, ndipo achimwene sanamve kafungo kalikonse mpaka makalata atayamba kufika. Ofufuza a m'mayiko atatu anali atatsitsa mndandanda wawo m'nkhokwe, mizere mazana asanu ndi anayi, mayina a majini kumanzere, kumanja manambala osonyeza mmene jini lililonse limadzukira njala ikafika. Anapeza kuti may-2 mulibemo. Nambala yaikulu imene achimwene ankanyadira inali pa jini lina losakhudzana n'komwe ndi mazira, ndipo theka lonse la m'munsi silinkagwirizana ndi zimene iwo ankaona m'malabu awo. Komiti yofufuza nkhaniyi inakhala pansi n'kuti, tionetseni umboni. Achimwene anatsegula fayilo ya m'kompyuta ya labu, anapeza ili chimodzimodzi ndi ya m'nkhokwe. Pepala limene anasindikiza tsiku loyamba analisaka labu yonse osalipeza. Kampani imene inawerenga majiniwo inati imasunga mafayilo chaka chimodzi basi. Tinyongolotsi tenitenito tinali titafa kalekale, nthawi imene magetsi anazima masiku anayi filiji n'kusungunuka. Anatsala ndi mawu awo okha.

Anamufunsapo kamodzi kokha. "Iwe Kawaya, paja unaika zonse m'nkhokwe muja mmene zinalili?"

"Ee, achimwene, mmene zinalili."

Sankanama, ndi mmene ankakumbukira. Pamaso pa komiti achimwene anati anaika okha, chifukwa kupatsa munthu wina pasiwedi kunali kuphwanya lamulo, ndipo woyamba kuchotsedwa akanakhala mlongo wawoyo. Komiti inalemba mawu oti "kupeka". Ntchito inatha. Alamu ake a Kawaya anapirira chaka chimodzi, chachiwiri analongedza n'kutenga ana. Tsopano zinali zaka zisanu ndi chimodzi achimwene akugulitsa mankhwala a ziweto m'sitolo ya munthu wina pafupi ndi siteji ya basi. Koma chimene chinkamupweteka Kawaya koposa si sitoloyo ayi. Achimwene anafika pokhulupirira kuti vuto linali iwo. "Sindinapeke," ankatero, "koma diso langa linadumpha mzere. Ukafuna chinthu zaka naini umachiona ngakhale palibe."

Madzulo a Lolemba lomwelo, akufuna mafayilo akale, dilowa ya pansi ya kabati inakana kutseguka. Anaikoka mwaukali mpaka inasolokeratu n'kumugwera pa phazi. Akutukwana chapansipansi anasuzumira m'bowomo, ndipo kumbuyo kwenikweni anaona mapepala omangidwa ndi pini yadzimbiri, atapindika, ali ndi zitosi za mphemvu. Pamwamba pake panali dzanja la achimwene: "Lapezeka!" Unali mndandanda womwe uja, wosindikizidwa tsiku limene unafika kuchokera ku kampani. Pa mzere 412 panali pozunguliridwa ndi bolopeni yobiriwira, m'kati mwake mutalembedwa may-2, nambala yaikulu ija ili pambali pake.

Anatenga lula, anakhala pa kompyuta, n'kuyamba kutsika mzere ndi mzere, diso pa pepala, diso pa galasi. Mizere 411 yoyamba inali yofanana ndendende. Kuyambira pa 412 mayina a m'nkhokwe anali atakwera ndi mzere umodzi, manambala atatsala pomwe anali. Jini lililonse linavala nambala ya mnzake wa pamwamba, ngati ana a m'nyumba imodzi amene asinthanitsidwa nsapato. Nambala yomaliza, itasowa dzina, makina anaidula okha. Ndiye kuti wina anachotsa kabokosi kamodzi, ka dzina lokha, zapansi n'kukwera kudzatseka mpata.

Koma munthu angachotserenji dzina lofunika kuposa onse? Anatsegula pulogalamu ya timabokosi imene amalemberamo mindandanda, n'kutaipa may-2 kuti ayambe kulemba zokonza. Atadina batani, zilembozo zinasanduka 2-May. Anafufuta, anataipanso. Zinasandukanso. Palibe choopsa ngati chitsiru chofuna kuthandiza. Makinawo sankadziwa mawu oti mayi. Ankaona mwezi wa Meyi, tsiku lachiwiri, ndipo ankayesa akumukonzera deti limene walemba molakwika.

Apa ndi pamene anakumbukira, ndipo akanakonda akanapanda kukumbukira. Linali Lachinayi, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, kunja mitambo itada bii. Achimwene anali ku msonkhano. Nkhokwe inakana kulandira fayilo, ikuti kabokosi kena kali ndi deti m'malo mwa dzina. Iye anapita pomwepo, anaona 2-May, anati ndi ana a sukulu aja obwera kudzaphunzira ntchito, amangolemba paliponse. Anakachotsa. Makina anafunsa ngati zapansi zikwere, iye anadina kuti ee. Anasunga fayiloyo pamwamba pa yakale, anaitumiza, inalowa bwinobwino, iye n'kunyamula chikwama. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chake chinaswa munthu wathunthu, banja lake ndi digiri zake zomwe. Zonsezi sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe.

Tisamukometsere Kawaya, ganizo lake loyamba silinali lokaulula. Anaganiza zokonza mwakachetechete, chikwangwani chofiira chichoke, kenako akawauze achimwene kuti analakwitsa ndi makina, zomwenso sizikanakhala bodza lenileni. Anajambula mapepala onse, analembera imelo wosunga nkhokwe, ndipo Lachiwiri masana bamboyo anamuimbira pa vidiyo.

Anali bambo wa imvi, wa maso otupa, kumbuyo kwake kuli makatoni ndi mipando yosanjikizana. Anati kale analipo khumi ndi anayi, tsopano anatsala awiri, ndipo mnzakeyo anali atapeza kale ntchito kwina.

"Ndaona mapepala anu, mayi," anatero. "Vutoli si lachilendo, makina atidyera mayina ambiri. Ine ndikukukhulupirirani."

"Ndiye muchotsa chofiiracho?"

"Pang'onopang'ono. Inu ndinu ndani pa tsamba limeneli? Dzina lanu silikuoneka paliponse."

"Ndine mlongo wawo. Ndimagwira ntchito mu labu momwemo."

"Pempho lokonza amasaina ndi mwini wake, amene dzina lake lili pamwambapo. Komanso fomu imafuna mulembe chimene chinachitika, ndi amene anachita. Musalembe kuti makina. Makina anasintha dzina, koma kabokosi sikadzichotsa kokha."

Kawaya anayang'ana pansi.

"Akasaina, muchotsa?"

Bamboyo anavula magalasi n'kutikita maso. "Ndisakulonjezeni. Mapempho amene akudikira ndi oposa zikwi zitatu, aliyense wakumbukira sabata ino kuti ali ndi cholakwa. Lanuli ndilitsogoza chifukwa landikhudza. Koma chikwangwani chofiira sichichotsedwa ndi munthu mmodzi, pamafunika wachiwiri wounika payekha. Tumizani msanga, tione."

Kawaya ataweruka anapeza kuti achimwene anadutsa kunyumba kwake iye kulibe. Mpope wa kukhitchini umene unkadontha mwezi wathunthu unali utakonzedwa, ndipo pa tebulo panali kapepala: "Iwe, mpope sakonza ndi nsanza. Ndamanga. Mwanayu masamu akumuvuta, ndibwera Loweruka." Ndi mmene analili. Chichokereni akazi awo, banja lawo linali Kawaya ndi mwana wake wamkazi, amene ankati amalume ndi anzeru kuposa aphunzitsi onse kuwaphatikiza. Kawaya anakhala ndi kapepalako m'manja mpaka chakudya chinazizira.

Lachitatu m'mawa anachita chinthu chimene sanauzepo munthu. Anafika ku labu ena asanabwere, anasolola dilowa ija, anabwezera mapepalawo kumbuyo kumene anawapeza, n'kukankha dilowa mpaka inatsekeka. Anati akhala mmenemo zaka zisanu ndi zitatu, akhale. Bala la achimwene linali litapola, ngakhale linapola mokhota. Ankaseka, ankadya, ankadzitcha dokotala wa mbuzi. Kuwauza kunali kutokosa chilonda popanda mankhwala m'manja. Lachisanu likangodutsa nkhaniyo ifa yokha, ndipo iye akhalabe ndi achimwene ake.

Anakhala pa maikulosikopu, anatenga kawaya, anawotcha nsonga yake pa moto monga mwa masiku onse. Anaphwanya tinyongolotsi tinayi motsatizana, iye amene ankatha mwezi osapha ndi kamodzi komwe. Chimene chinkamulasa ndi mawu aja oti diso langa linadumpha mzere. Munthu ukhoza kumubisira zambiri, koma kumusiya akudziyesa wakhungu iwe ukudziwa kuti amaona, umenewo ndi ufiti. Isanakwane naini anali atagwadanso pa kabati paja, dzanja lili m'bowo.

Masana anapempha kuweruka msanga. Sitoloyo inali pakati pa malo ometera ndi ogulitsa matayala akale, m'kati mukununkha dipi ndi chakudya cha nkhuku. Achimwene anali kuseri kwa kauntala atavala chijasi chobiriwira chowakulira, akupukuta fumbi m'mabotolo.

"Iwe Kawaya! Wathawa ntchito? Majini akuthamangitsa?" Anaseka okha. "Khala apo. Ayi, osati pa thumba ilo, muli mankhwala a makoswe. Nkhope imeneyo bwanji, wameza kawaya kako?"

Sanakhale. Anayala mapepala akale kumanzere, atsopano a m'nkhokwe kumanja, lula pamwamba. Achimwene anavala magalasi akumwetulirabe. Ataona dzanja lawo pamwamba pa pepala lakalelo, kumwetulira kunazima. Chala chinatsika ndi mizere, chinaima pa 412, chinaoloka kupita pa pepala linalo, chinabwerera. Iye zinamutengera maola awiri kuti amvetse. Iwo sanathe mphindi zitatu.

Kunalowa mlimi wa nsapato zamatope, akufuna mankhwala a njoka zam'mimba a mbuzi zake. Achimwene anamuthandiza bwinobwino. Anafunsa kukula kwa mbuzizo, anawerenga muyezo pa botolo, anawerenganso, anawerenga kachitatu chala chili pa zilembo, monga ankachitira chisiyireni kukhulupirira maso awo. Mlimi atatuluka anabwerera pa mapepala paja.

"Ndiye kuti ndinaona," anatero motsitsa. "Linalipo."

"Linalipo, achimwene."

"Diso langa silinadumphe."

"Silinadumphe."

Anagwira m'mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri. Kawaya anawafotokozera mmene makina amasinthira dzinalo kukhala deti. Anaseka, kuseka kouma kopanda mano. "Mayi wasanduka Meyi. Zaka zonsezi!" Kenako analeka kuseka, chifukwa mutu wawo unali usanafe.

"Anachotsa kabokosiko ndani?"

Njira yonse m'basi anakonza mawu ambiri okoma. Onse anathawa.

"Ndine."

"Unkadziwa?"

"Ndadziwa Lolemba. Ndikulumbira, achimwene, nthawi ija munandifunsa sindinkakumbukira."

"Sunaganize zondiimbira foni? Kungofunsa kuti deti ili likutani apa?"

"Ndinkafulumira."

"Unkathamangira kuti?"

Akanatha kunena kuti mwana anadwala, ndipo akanamukhulupirira. Koma anali atabwera kudzanena zoona, ndipo zoona zakezo zinkachititsa manyazi chifukwa cha kuchepa kwake.

"Kwa telala. Amatseka faifi. Ndinkafuna nditenge diresi mvula isanayambe."

Achimwene anamuyang'ana. Panja wometa ankakangana ndi munthu wina za mpira.

"Inakukwana?"

"Achimwene..."

"Ndikufunsa diresiyo, iwe. Inakukwana?"

Kawaya analira, kulira koipa kwa munthu wamkulu, misozi ndi mamina, pakati pa matumba a chakudya cha nkhuku. Iwo sanamutonthoze, komanso sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anatenga fomu imene Kawaya anabweretsa, anaiwerenga kamodzi kokha, n'kuiika pansi.

"Ukudziwa kuti sizithandiza," anatero. "Pepala ili aliyense akhoza kunena kuti talisindikiza dzulo n'kulipaka fumbi. Fayilo yoyamba kulibe, nyongolotsi kulibe. A komiti awiri anamwalira, magazini imene inafalitsa zotsatira zanga inagulitsidwa kwa ena. Madzi akatayika saoleka."

"Bambo wa nkhokwe akuti akutikhulupirira. Tingoyesa, achimwene."

"Walembapo dzina lako apa. Ntchito ikuthera."

"Ithe."

Achimwene anasaina, dzanja lili nji. Kenako anasonkhanitsa mapepala akale aja, anauzira zitosi za mphemvu, anawapinda mosamala n'kuwaika m'thumba la chijasi. "Awa ndi anga," anatero, ndipo kasitomala wina analowa.

Kawaya anatumiza fomuyo madzulo omwewo. Bwana wa labu analandira kope lake, analiwerenga, ndipo kwa nthawi yoyamba anaika foni pansi. "Tikambirana Lolemba," anatero. Kawaya analibe nazo ntchito. Lachinayi lonse anakhala akutsegula tsamba la achimwene, kutseka, kutsegulanso, chofiira chili pomwepo.

Lachisanu, kutatsala ola limodzi kuti ikwane thwelofu, wosunga nkhokwe anaimba, ulendo uno wopanda vidiyo.

"Mnzanga uja anatsanzika Lachitatu, makiyi anabweza," anatero. "Ndaimbira anayi amene tinkagwira nawo kale. Awiri sakuyankha, mmodzi akuti alibenso chilolezo cholowera, wina akuti angaunike mwezi wamawa."

"Chotsani nokha, bambo. Chonde. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Zaka makumi awiri takhala tikuuza dziko kuti chilichonse chosinthidwa mmenemu chinaonedwa ndi anthu awiri. Ndikaphwanya lero, ola lomaliza, ndiye kuti zonse zija zinali nkhambakamwa." Anapumira m'mwamba. "Ndaika timawu pansi pa tsamba. Ndi zokhazo zimene ndingathe. Pepani kwambiri, mayi."

Kawaya anatsegula tsambalo. Chikwangwani chinali pomwepo, chofiira ngati kale. Anatsika mizere yonse ya mndandanda wolakwikawo, ndipo pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono zotuwa, anapeza: Pali pempho lokonza. Silinaunikidwe. Ndani angatsike mpaka kumeneko ataona kale chofiira pamwamba? Thwelofu itakwana, batani lolembedwa kuti "Konzani" linazimiririka, m'malo mwake panabwera mawu othokoza onse amene anathandiza pa zaka zonsezi. Mu labu anzake ankafunsana kuti akadyera kuti.

Akanatha kuimba foni, koma nkhani yotere siyenera foni. Anakwera basi. Panjira ankadzilimbitsa mtima kuti chibale ndi fupa, sichiola. Akalipa, mwina atukwana, mwina sabata ziwiri osalankhulana, kenako zidzatha, chifukwa anali awiri okha m'mimba mwa mayi awo ndipo analibe kwina kopita.

Anawapeza akusesa. Anawauza zonse ataima pafupi ndi khomo, za mnzake wa bamboyo amene anachoka, za anayi aja, za timawu totuwa ta pansi pa tsamba. Iwo anamvetsera atatsamira tsache, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali yofatsa, yometedwa bwino.

"Pepani, achimwene. Ndilembera a magazini, ndilembera aliyense. Sindisiya."

Anaimika tsache pakona, anapukuta manja pa chijasi.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Mwavutika nazo. Musadzitopetsenso ndi makalata. Muyende bwino, mukapereke moni kunyumba."

Kawaya anacheuka kuti aone amene walowa kumbuyo kwake. Munalibe munthu. Ankalankhula ndi iye. Chibadwire, zaka makumi anayi ndi zinayi, munthu ameneyu anali asanamutchulepo kuti inu. Anaima pomwepo akudikira kuti aseke, amuuze kuti iwe, tseka pakamwapo ntchentche zingalowe. Achimwene anatsegula chitseko mpaka kumapeto, n'kuima pambali mwaulemu kuti adutse.